Kodi Mulowere Khomo Liti? Kuyerekeza Njira Zinayi za Ntchito Yofufuza ndi Kuphunzitsa Chitetezo cha Makompyuta

Munthu amene waphunzira za makompyuta, ndipo mtima wake wakhazikika pa chitetezo cha pa intaneti kapena pa luso lofukula umboni m'mafoni ndi m'makompyuta kuti ukagwire ntchito kukhoti, imafika nthawi yoti asankhe kumene moyo wake wa ntchito ulowere. Nkhani ino ndalembera amene atsimikiza kale kuti akufuna kufufuza ndi kuphunzitsa, koma akusinkhasinkha za khomo lolowera. Makomo amene ndiyerekeze ndi anayi: kupitiriza sukulu mpaka PhD kenako n'kukhala mphunzitsi wofufuza pa yunivesite, kutenga ntchito imene mbali yake yaikulu ndi kuphunzitsa, kuyamba mwagwira ntchito kupolisi kapena kukampani n'kudzalowa m'yunivesite pambuyo pake, ndi kugwira ntchito ku bungwe la kafukufuku limene lilibe makalasi.

Phunziro limeneli ndi lachichepere poyerekeza ndi masamu kapena udokotala. Mu November 1988 pulogalamu yodzifalitsa yokha imene analemba Robert Morris, yemwe anali wophunzira pa yunivesite ya Cornell, inasokoneza makompyuta ochuluka pa intaneti ya nthawi imeneyo, ndipo chaka chomwecho chisanathe bungwe la CERT linakhazikitsidwa pa yunivesite ya Carnegie Mellon kuti lizilandira malipoti a ngozi zoterezi. Luso lofufuza umboni linakulira m'maofesi a apolisi lisanafike m'mayunivesite, moti msonkhano woyamba wa DFRWS, umene umasonkhanitsa ofufuza a mbali imeneyi, unachitika mu 2001 ku Utica m'chigawo cha New York. Mbiri imeneyi ndiyo imachititsa kuti mpaka lero mupeze akatswiri enieni a ntchitoyi amene alibe PhD, komanso eni PhD amene sanagwirepo foni yolandidwa kwa munthu woganiziridwa mlandu. Njira iliyonse mwa zinayizi imakupatsani mbali imodzi ya ukatswiriwu n'kukusowetsani ina.

## Miyeso yoyezera njirazi

Muyeso woyamba ndi mtengo, ndipo pano ndikuwerengera zaka komanso malipiro amene munthu amawasiya, kuwonjezera pa fizi. Pafupifupi kulikonse makampani amalipira katswiri wa chitetezo ndalama zambiri kuposa mayunivesite, choncho chaka chilichonse chimene mukhala pa sukulu chili ndi mtengo wobisika. Muyeso wachiwiri ndi kupezeka kwa mwayi, kutanthauza kuchuluka kwa malo ndi mtundu wa anthu amene amaloledwa kuwatenga. Wachitatu ndi ntchito yosamalira luso, chifukwa zimene mukudziwa lero za kasungidwe ka mauthenga m'foni zingasinthe kampani yopanga foniyo ikangotulutsa pulogalamu yatsopano. Wachinayi ndi zoopsa, zimene m'phunziroli zimafika mpaka ku milandu ya kukhoti ndi thanzi la maganizo.

Pali funso lina limene limadutsa m'miyeso yonseyi, ndipo kwa ine ndilo lalikulu kuposa dzina la yunivesite: kodi zinthu zofufuzira mudzazipeza kuti, ndipo nthawi yozifufuza adzakupatsani ndani? Umboni wa mlandu weniweni uli m'manja mwa khoti ndipo muli zinsinsi za anthu, kotero wofufuza sangangoutenga kukayesera maganizo ake. Kampani imene akuba a pa intaneti aibowola kawirikawiri safuna kuti zolembedwa za makina ake zituluke panja. Ndi chifukwa chake wofufuza wina dzina lake Simson Garfinkel ndi anzake anakhazikitsa nkhokwe ya Digital Corpora, ndipo bungwe la boma la America loona za miyezo, la NIST, lili ndi nkhokwe ya CFReDS, momwe muli mafayilo okonzedwa dala kuti aliyense ayeserepo. Nkhokwe zimenezi n'zothandiza kwambiri, komabe zinthu zokonzedwa dala zimakhala zaukhondo kuposa zimene zimapezeka pa mlandu weniweni, pamene wotchi ya kompyuta imakhala yolakwika, anthu atatu amagwiritsa ntchito akaunti imodzi, ndipo theka la fayilo lalembedwa kale zina pamwamba.

## Njira yoyamba: PhD, kenako uphunzitsi wophatikiza ndi kafukufuku

Mtengo wake. Ku Britain PhD imatenga zaka 3 kapena 4, pamene ku America imatenga zaka 5 kapena 6 chifukwa zaka zoyambirira zimakhala za makalasi ndi mayeso. Ku Netherlands, ku Sweden, ku Norway ndi m'madipatimenti ambiri a makompyuta ku Germany, wochita PhD amalembedwa ntchito ndipo amalandira malipiro a pamwezi, pamene ku America ndalama zimabwera chifukwa chothandizira pulofesa kufufuza kapena kuphunzitsa. Langizo langa pano ndi losapsatira: musalipire nokha PhD ya nthawi zonse m'phunziro limeneli. Gulu la ofufuza limene lilibe ndalama yolipirira wophunzira wake nthawi zambiri limakhalanso lopanda ndalama ya zida ndi ya maulendo a ku misonkhano, ndipo popanda zimenezi zaka zanu zimangopita. PhD ikatha, ambiri amagwira kaye ntchito ya postdoc, imene ndi ya kafukufuku wa kanthawi, pa mgwirizano wa chaka chimodzi, ziwiri kapena zitatu, nthawi zina m'dziko lachilendo, asanapeze ntchito yokhazikika. Kwa munthu wa banja, kusamukasamuka kumeneku ndi gawo lalikulu la mtengo.

Kupezeka kwa mwayi. Magulu amphamvu ofufuza za chitetezo ndi ochuluka ndithu. Pali CERIAS ya pa Purdue, imene Eugene Spafford anayambitsa mu 1998, CyLab ya pa Carnegie Mellon, COSIC ya pa KU Leuven, magulu a ku Bochum ndi ku Graz, komanso Royal Holloway imene inayamba kupereka digiri ya Masters ya chitetezo cha uthenga mu 1992. Popeza makampani amakoka omaliza PhD ambiri, mpikisano wa ntchito za uphunzitsi m'phunziroli ndi wopepukirapo poyerekeza ndi maphunziro ena a sayansi. Magulu ofufuza za umboni ndi ochepa, ndipo ena odziwika ali ku University College Dublin, ku Erlangen, ku Lausanne, ku Gjøvik ndi ku Pretoria. Pamene magulu ali ochepa chonchi, munthu amene adzakuyang'anireni ndiye amagamula pafupifupi chilichonse. Safunsa anadya phula: lemberani ophunzira amene anadutsa m'manja mwake, muwafunse ngati amawerenga zolemba zawo pa nthawi yake, ngati ali ndi ubale ndi apolisi kapena makampani amene angapereke zofufuzira, komanso kumene iwowo akugwira ntchito panopa.

Kusamalira luso. Mu sayansi ya makompyuta, mapepala a kafukufuku operekedwa ku misonkhano amalemekezedwa kwambiri, ndipo pa chitetezo misonkhano inayi ndiyo imawerengedwa kuposa ina: IEEE Symposium on Security and Privacy, USENIX Security, ACM CCS ndi NDSS. Yonseyi imakana mapepala ambiri kuposa amene imalandira, choncho kukanidwa n'kukonzanso pepala ndi moyo wa tsiku ndi tsiku. Ofufuza za umboni amatumiza kwambiri ku DFRWS ndi ku magazini ya kafukufuku ya Forensic Science International: Digital Investigation. Apa pali msampha umene ambiri sauona msanga, chifukwa komiti yokweza anthu pa ntchito m'dipatimenti ya makompyuta ingakhale yozolowera misonkhano inayi ija n'kupeputsa zinazo. Musanavomere ntchito, funsani mndandanda umene dipatimenti imagwiritsa ntchito poyeza mapepala. Kuwonjezera apo mudzafunika kulemba makalata opempha ndalama za kafukufuku chaka ndi chaka, kuunika mapepala a anzanu popanda malipiro, ndi kulera ophunzira anu a PhD. Ku America woyamba kumene upulofesa amaunikidwa pakatha zaka pafupifupi 6, ndipo akalephera amayenera kuchoka.

Zoopsa. Wofufuza za chitetezo amaulula zofooka za zinthu zimene anthu ena amagulitsa, ndipo eni ake sakondwa nthawi zonse. Mu 2013 kampani ya Volkswagen inakatenga chiletso ku khoti la ku England choletsa Flavio Garcia wa pa yunivesite ya Birmingham ndi anzake awiri a pa Radboud kusindikiza pepala lonena za kufooka kwa Megamos Crypto, kachipangizo koletsa galimoto kulira popanda kiyi yake. Pepalalo linatuluka mu 2015. Kwa pulofesa wokhazikika kudikira zaka ziwiri n'kopiririka, koma kwa wophunzira amene ndalama zake zikutha kungasokoneze digiri yonse. Choopsa china chimachokera kwa wofufuza mwini. Mu 2021 oyang'anira Linux kernel, pulogalamu yoyendetsa makompyuta imene anthu ambiri amathandizana kuilemba, anasiya kulandira zosintha za pulogalamuyo zochokera ku yunivesite ya Minnesota atakwiya ndi kafukufuku amene ofufuza a kumeneko anatumiza dala zosintha zokhala ndi zolakwika pofuna kuona ngati zigwidwe, osapempha chilolezo cha anthu amene ankawayesawo, ndipo pepalalo linachotsedwa pa msonkhano wa IEEE. Palinso mantha oti ena akutsogolerani: chibowo cha Meltdown, kufooka kwa chitetezo cha maprosesa (kachipangizo kamene ndi ubongo wa kompyuta) kumene kunalengezedwa mu January 2018, anachipeza paokhapaokha Jann Horn wa ku Google, ofufuza a ku Graz ndi a kampani ina ya ku Germany.

## Njira yachiwiri: ntchito yotsamira pa kuphunzitsa

Mtengo wake. Digiri ya Masters, ya chaka chimodzi kapena ziwiri, imakwanira m'makoleji ambiri ndi m'mayunivesite ena, ndipo malo ena amafunanso satifiketi ya kaphunzitsidwe imene mungaitenge muli pa ntchito. Mumayamba kulandira malipiro msanga kuposa mnzanu wa njira yoyamba, koma malire a malipiro anu amakhala pafupi.

Kupezeka kwa mwayi. Khomo ili ndilo lotakata kuposa onse, chifukwa masukulu ambiri atsegula madigiri a chitetezo cha pa intaneti pamene aphunzitsi oyenera ndi ochepa. Woyamba kumene sayenera kupeka yekha zophunzitsa. Mabungwe a akatswiri a makompyuta a ACM ndi IEEE Computer Society pamodzi ndi ena anatulutsa ndondomeko ya zophunzitsa ya CSEC2017, ndipo ku Britain mu 2019 kunatuluka CyBOK, imene imayala magawo a phunziroli ndipo imapezeka kwaulere.

Kusamalira luso. Apa ndi pamene pali katundu wolemera amene salembedwa pa chilengezo cha ntchito. Mphunzitsi wa masamu angagwiritse ntchito funso limodzi kwa zaka khumi, koma wophunzitsa kufufuza umboni amafunika umboni woti ophunzira aufukule, ndipo amayenera kuupanga yekha. Amatenga foni yopanda kanthu, n'kuipatsa dzina lopeka ndi anzake opeka, ndipo kwa masabata angapo amatumizirana nayo mauthenga, amajambula zithunzi m'malo osiyanasiyana, amafufuta zina, ndipo chilichonse chimene wachita amachilemba m'kope pamodzi ndi nthawi yake kuti adzadziwe mayankho olondola. Kenako amakopera zonse za m'fonimo, n'kuwerengera nambala ya SHA-256, mzere wa zilembo ndi manambala 64 umene umasintha fayilo ikangosintha pang'ono, kuti wophunzira aliyense atsimikize kuti walandira zofanana ndi za anzake. Chaka chotsatira pulogalamu yotumizirana mauthenga ija ikasintha kasungidwe kake, kapena mayankho akafalikira pakati pa ophunzira, ntchito imayambiranso. Wophunzitsa za mapulogalamu owononga nayenso amafunika labu yodulidwa ku netiweki ya sukulu, ndipo kuisamalira nthawi zambiri kumagwera iye yemwe.

Pa nkhani ya zida, zaulere n'zokwanira kuphunzitsira maziko. The Sleuth Kit ndi Autopsy, zimene anayambitsa Brian Carrier, zimafufuza mafayilo a pa disiki. Volatility imafufuza zimene zinali mu memory, momwe kompyuta imasungira zinthu kwa kanthawi ikamagwira ntchito. Wireshark imaonetsa zoyenda pa netiweki. Ndipo Ghidra, imene bungwe la zachitetezo la boma la America, la NSA, linatulutsa kwaulere mu 2019, imathandiza kuphwasula pulogalamu kuti muone kagwiridwe kake. Vuto n'lakuti olemba anthu ntchito amafunsa za zida zogula monga EnCase, FTK, Magnet AXIOM kapena za Cellebrite, zimene malaisensi ake ndi odula ndipo amalipiridwa mobwerezabwereza. Ine ndimaona kuti wophunzira amene wamvetsa chimene chimachitika fayilo ikafufutidwa amaphunzira chida chogula m'masiku ochepa, pamene amene anangophunzira kudina mabatani amasowa chonena chida chikalakwitsa. Komabe musanalowe ntchito, dziwani ngati dipatimenti ili ndi ndalama ya labu ya chaka ndi chaka kapena inangogula zida kamodzi potsegulira digiri.

Zoopsa. Choopsa chachikulu ndi kutsalira mosazindikira, pamene makalasi aakulu ndi milu ya mapepala oti achongedwe zimadya nthawi yonse yowerenga zatsopano. Chachiwiri n'chakuti m'mayunivesite ambiri munthu wopanda PhD amafika pa udindo wina n'kuima pomwepo, ndipo ntchito zina za mtunduwu zimakhala za mgwirizano wa chaka chimodzi. Chachitatu ndi udindo wophunzitsa achinyamata kubowola chitetezo. Wophunzira mmodzi akakayesera luso lake pa makina a eni popanda chilolezo, mafunso amafika kwa mphunzitsi, choncho malamulo a dziko lanu pa nkhaniyi aziphunzitsidwa sabata yoyamba, ndipo wophunzira aliyense azisayina pangano la malire a zimene akuloledwa kuchita.

## Njira yachitatu: kuyamba ndi ntchito, yunivesite pambuyo

Ubwino wa njira imeneyi umaoneka bwino pa mlandu wa Casey Anthony, mayi amene ankaganiziridwa kuti anapha mwana wake, umene unazengedwa ku Florida mu 2011. Khoti linauzidwa kuti pa kompyuta ya kunyumba kwake tsamba lina la pa intaneti lonena za mankhwala okomola munthu a chloroform linatsegulidwa ka 84, malinga ndi pulogalamu ya CacheBack, pamene pulogalamu ina ya NetAnalysis inali itaonetsa kuti linatsegulidwa kamodzi kokha. Zonse ziwiri zinkawerenga fayilo imodzi imene inali itafufutidwa, yosunga mbiri ya masamba otsegulidwa ndi pulogalamu yoonera intaneti ya Firefox. Amene analemba CacheBack ataunikanso pambuyo pake anapeza kuti yankho lolondola linali kamodzi. Munthu amene wagwirapo ntchito mu labu ya umboni amadziwa kuti zida zimatsutsana motere, amadziwa pamene zimakonda kupunthwa, ndipo amalowa m'yunivesite ali ndi mafunso a kafukufuku amene angapulumutse munthu wosalakwa kundende. Mafunso oterewa sapezeka mwa kuwerenga mapepala okha.

Mtengo wake. Zaka zoyambirira mumalipidwa bwino, ndipo nthawi zambiri bwana ndiye amalipira maphunziro a masatifiketi a ukatswiri wa chitetezo ngati a GIAC, amene ndi odula kwambiri kwa munthu wodzilipirira. Satifiketi ina ya chitetezo, ya CISSP, imafuna kuti munthu akhale atagwira ntchitoyi zaka 5. Mtengo weniweni umabwera tsiku lolowa m'yunivesite, pamene malipiro amatsika panthawi imene mwazolowera moyo wina ndipo mwina muli ndi ana a pasukulu. PhD yochita uku mukugwira ntchito imatenga zaka zambiri kuposa ya nthawi zonse, ndipo imadya madzulo ndi mapeto a sabata. Mayiko ena ali ndi dongosolo lopeputsa katunduyu, monga CIFRE ku France ndi PhD ya m'makampani ku Denmark, momwe kampani imalemba ntchito wophunzira ndipo boma limathandizapo.

Kupezeka kwa mwayi. Kuphunzitsa kosi imodzi madzulo uku mukugwirabe ntchito n'kosavuta kupeza, ndipo ndi njira yabwino yodziyesera ngati mumakondadi kuima kutsogolo kwa kalasi. Mayunivesite ena ali ndi maudindo apadera a akatswiri ochokera kuntchito, ndipo University College Dublin ili ndi digiri ya Masters yokonzera apolisi ndi ena osungitsa malamulo. Koma udindo wokhazikika wa kafukufuku umafunabe PhD ndi mapepala, ndipo zaka khumi za ukatswiri sizilowa m'malo mwake pamaso pa makomiti ambiri.

Kusamalira luso. CISSP imafuna mapointi 120 a maphunziro owonjezera pa zaka zitatu zilizonse, ndipo masatifiketi a GIAC amakonzedwanso pakatha zaka 4. Chovuta kwambiri n'chakuti luso limene yunivesite inakutengerani limayamba kuzilala mukangochoka pa ntchito, motero mudzafuna kupitiriza kuthandiza makampani kapena kuperekera umboni kukhoti ngati katswiri, zomwe zimafuna chilolezo cholembedwa cha yunivesite. Mudzayeneranso kuphunzira kalembedwe katsopano. Lipoti la mlandu limanena zimene zinapezeka pa chipangizo chimodzi, pamene pepala la kafukufuku liyenera kusonyeza kuti zimene mwapeza zimachitikanso pa zipangizo zina, ndipo wina angazibwereze n'kupeza zomwezo.

Zoopsa. Zambiri zimene mukudziwa simungazisindikize, chifukwa cha mapangano osunga chinsinsi kapena chifukwa milandu yake sinathe. Amene amapita kukhoti ngati katswiri amapanikizidwa ndi maloya, ndipo ku America, kuchokera pa chigamulo cha Daubert cha mu 1993, oweruza a makhoti a boma lalikulu amayang'ana ngati njira ya katswiri inayesedwa, ngati inaunikidwa ndi akatswiri ena, ndiponso ngati zikudziwika kuti imalakwitsa kangati. Pali choopsa china chimene chiyenera kunenedwa poyera. Mbali yaikulu ya ntchito ya m'malabu a apolisi ndi kuunika zithunzi ndi makanema a nkhanza zochitira ana, ndipo zimenezi zimavulaza maganizo a anthu olimba mtima omwe. Aliyense wolowa labu yotere afunsiretu ngati pali alangizi a zamaganizo ndi dongosolo losinthana ntchito. Chomaliza ndi kusiyira PhD panjira, zomwe zimachitika kwambiri ntchito ikakula kapena bwana amene analonjeza nthawi akachoka.

## Njira yachinayi: mabungwe a kafukufuku opanda makalasi

Mtengo wake. Palibe mtengo wowonjezera pa wa digiri imene muli nayo. Wa Masters angalowe ngati injiniya wothandiza pa kafukufuku, koma kutsogolera gulu kumafuna PhD m'mabungwe ambiri a boma.

Kupezeka kwa mwayi. Malo ndi ochepa ndipo ambiri ali m'mayiko olemera. Zitsanzo ndi CISPA ku Saarbrücken, Max Planck Institute for Security and Privacy imene inakhazikitsidwa ku Bochum mu 2019, Fraunhofer SIT ku Darmstadt, Inria ku France, Netherlands Forensic Institute, NIST imene imayesa zida zofufuzira umboni, ndi CSIR ku South Africa. Makampani nawo ali ndi magulu awo, monga Microsoft Research ndi Project Zero imene Google inalengeza mu 2014. Ntchito zokhudza chitetezo cha dziko kawirikawiri zimafuna kuti munthu akhale nzika ya dzikolo ndiponso afufuzidwe mbiri yake, kotero khomo lina limakhala lotsekeka ngakhale muli ndi luso lotani.

Kusamalira luso. Zida, zofufuzira ndi nthawi zimapezeka kuposa kwina kulikonse. Ngati mukufuna kudzabwerera ku yunivesite, onetsetsani kuti mukusindikiza mapepala poyera ndiponso mukuthandizira kuyang'anira ophunzira, chifukwa komiti ya yunivesite imafunsa umboni woti mungaphunzitse.

Zoopsa. Mutu wa kafukufuku amasankha ndi wopereka ndalama, ndipo zina zimene mwapeza zingabisidwe kwa zaka. Labu ya kampani ingatsekedwe mwadzidzidzi, monga mmene Microsoft inatsekera labu yake ya ku Silicon Valley mu 2014 ngakhale kuti inali ndi ofufuza otchuka. Kwa munthu amene amakonda ophunzira, kusowa kalasi nakonso kumawawa.

## Njira iti kwa ndani

Ngati mwangomaliza digiri, mumakonda kukhala pa funso limodzi kwa miyezi, ndipo mwapeza malo a PhD olipidwa pansi pa munthu amene ophunzira ake akale amamuyamikira, tengani njira yoyamba. Izi zili choncho makamaka ngati mtima wanu uli pa masamu obisira uthenga, pa chitetezo cha maprosesa kapena pa kutsimikizira kuti pulogalamu ilibe zibowo, chifukwa magawo amenewa amafuna maziko amene n'kovuta kuwamanga mutakula pa ntchito. Malo olipidwa akapanda kupezeka chaka chino, kagwireni ntchito n'kudzapemphanso chaka chamawa.

Ngati chimene chimakusangalatsani ndi kuona wophunzira akufukula yekha fayilo yofufutidwa koyamba, ndipo simungathe kusamuka chifukwa cha banja, njira yachiwiri ndi yanu, koma pemphani kuti nthawi yokonza labu iwerengedwe pa maola anu a ntchito, ndipo funsani ngati sukulu imathandiza aphunzitsi ake kuchita PhD. Mphunzitsi wa pa sukulu yopanda zida zodula angathebe kufufuza, chifukwa kuyerekeza zotsatira za zida zaulere pa mafayilo a CFReDS, kapena kuunika pulogalamu ya pa foni imene anthu ambiri amagwiritsa ntchito koma palibe analembapo za kasungidwe kake, kumafuna kuleza mtima kuposa ndalama.

Ngati mbali imene mukufuna ndi yofufuza umboni kapena yothana ndi akuba akabowola makina, ndingakulimbikitseni njira yachitatu kuposa zina zonse, chifukwa kumeneko ndiko kuli zofufuzira zenizeni ndi maubale amene adzakutsegulireni zitseko mukadzakhala pa yunivesite. Yambani kuphunzitsa kosi imodzi mudakali pa ntchito, sungani kope la mafunso amene zida zanu zikulephera kuyankha popanda kulembamo zinsinsi za milandu, ndipo ngati bwana walonjeza masiku ochitira PhD, lonjezolo lilowe m'kalata ya mgwirizano.

Ngati muli kale ndi PhD, mukufuna zaka zingapo zofufuza popanda mapepala ochonga, ndipo nkhani ya unzika sikutchingani, pitani ku bungwe la kafukufuku. Amene akuganiza zodzabwerera m'kalasi asankhe bungwe limene lili pa ubale ndi yunivesite, monga mmene CISPA ilili ndi yunivesite ya Saarland, ndipo asanasayine afunse kuti ndani amapereka chilolezo chosindikiza pepala komanso kuti chilolezocho chimatenga nthawi yaitali bwanji.